CDF ndi nkhani ya mayendedwe kuno ku Chipata: mafunso amene anthu akufunsa

Pa siteji ya njinga ku Kapata, ku Saturday Market, ngakhale m'magulu a WhatsApp nkhani ndi imodzimodzi, ati boma likupereka ndalama zaulere zogulira mahonda ndi maminibasi. Zina mwa izo ndi zoona, zina ndi zongowonjezera mchere. Ndasonkhanitsa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi ndalama zimenezi zilipodi?

Zilipo, koma dzina lake si ndalama za transipoti ayi. Ndi CDF, thumba la chitukuko limene boma la Zambia limatumiza ku constituency iliyonse kudzera ku khonsolo. Linayamba 1995 koma zaka zambiri linali laling'ono, mu 2021 constituency imodzi inkalandira K1.6 miliyoni chabe. Mu 2022 anakweza kufika K25.7 miliyoni, 2023 K28.3 miliyoni, 2024 K30.6 miliyoni, ndipo 2025 K36.1 miliyoni. Chipata Central ili ndi thumba lake, Luangeni lake, Kasenengwa ndi Chipangali nawonso awo, ndiye musapite kukapempha ku Chipata Central pomwe mumakhala ku Chipangali, adzakubwezani.

Nanga mamiliyoni onsewa amagawidwa bwanji?

Malangizo a 2022 anati akachotsa 5 peresenti yoyendetsera ntchito, zotsalazo zimapita patatu. Gawo lalikulu, 60 peresenti, ndi la mapulojekiti a anthu onse monga makalasi, zipatala zing'onozing'ono, mijigo, misewu ya kumidzi ndi maulalo. 20 peresenti ndi mabasare a ana a sekondale ogonera ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja. 20 peresenti ina ndiyo imene aliyense amaithamangira, yotukula achinyamata, azimayi ndi magulu, ndipo iyonso anaidula pawiri, 40 peresenti ma giranti osabweza, 60 peresenti nkhongole zobweza. Mukawerenga bwino muona kuti ndalama zaulere zija ndi kagawo kochepa kwambiri, ndipo magulu a nkhuku, a zosoka, a dimba, a chigayo onse akuyang'ana pomwepo.

Ine ndimakwezetsa anthu pa njinga, ndingapemphe giranti ndekha?

Giranti sapatsa munthu mmodzi. Amapatsa gulu lolembetsedwa, kaya kopaletivu, kalabu kapena asosiyesheni, la anthu a m'constituency momwemo. Kopaletivu imafuna anthu osachepera 10. Apa anyamata a njinga muli ndi mwayi umene ena alibe chifukwa gulu muli nalo kale, mumadziwana pa siteji, muli ndi tcheyamani, mumasonkha pa maliro, chatsala ndi kulembetsa basi ndi kutsegula akaunti ya gulu. Choipa ndi magulu aja opangidwa usiku umodzi, munthu kutenga ma NRC (zitupa za unzika) a azilamu ake ndi a apongozi kuti akwane 10, ndalama ikangolowa gulu latha. Makomiti ounika mapempho anawazindikira ndipo amafunsa kuti munayamba liti, mumakumana kuti, buku la misonkhano lili kuti.

Giranti ingagule minibasi?

Ayi ndithu, musadzinamize. Giranti ya gulu limodzi ndi ndalama yoyambira, siingafike pa mtengo wa basi ngakhale yakale. Imene ingakwanitse ndi zinthu monga njinga zakapalasa zingapo zokhala ndi kaliyala wolimba, honda, zipewa ndi majekete owala, kapena zida zotsegulira kashopu kokonzera njinga. Ndipo kunena zoona kashopu ka masipeya ndi kukonza nthawi zambiri kamapindula kuposa honda imodzi imene anthu 10 akulimbirana kuti lero ikwera ndani. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, akuluakulu akukumbukira fakitale ya njinga za Eagle imene inali pano, ndiye makasitomala a machubu, maspoko ndi matcheni sadzatha.

Ngati mukufuna galimoto kapena njinga yamoto ya mawilo atatu yonyamula katundu, njira yanu ndi nkhongole.

Nkhongoleyo imasiyana bwanji ndi ya kubanki?

Imadutsa kubanki komweko, koma chiwongoladzanja chake n'chotsika kwambiri poyerekeza ndi nkhongole wamba, kaloba ndiye tisanene. Imafuna bizinesi yolembetsedwa, pulani yolembedwa bwino ndi kuonetsa kuti mubweza bwanji. Ndalama imene mwabweza ndi imene ena adzakongole mawa. Pali maganizo ena oti za boma sabweza, amenewo ndi amene achititsa kuti m'madera ambiri thumba la nkhongole livutike. Kunja kwa CDF kulinso CEEC imene imakongoza nzika za Zambia, nayonso ndi nkhongole, si mphatso.

Msewu wa kwathu mvula ikagwa galimoto sizifika, CDF ingathandize?

Apa ndiye pamene pali ndalama yeniyeni ya mayendedwe, ndipo ndi pamene anthu sapitako. Tonse maso ali pa giranti pomwe 60 peresenti yakhala uko. Taganizani, mudzi umene uli kutsidya kwa kamtsinje, Januwale ndi Febuluwale madzi akadzaza ana sapita kusukulu, mayi woyembekezera amamunyamula pa ngolo kuzungulira mtunda wautali, feteleza amatsitsira kutali, ndipo wa honda akavomera kupita amatchaja mtengo wowirikiza chifukwa akuopa kuwononga njinga. Mudzi umenewu sukusowa basi, ukusowa kalavati (podutsira madzi pansi pa msewu) kapena kaulalo. Mukaika kalavati ndi kugiredera msewu magalimoto amabwera okha popanda wowaitana, ogula soya ndi nshawa amafika pakhomo, mtengo wokwerera umatsika chifukwa onyamula achuluka. Makhonsolo angapo agula magiredala ndi makina ena a misewu ndi ndalama za CDF zomwezi, ndiye funsani kuti makinawo afika liti ku wadi yanu.

Koma dziwani malire. Great East Road yopita ku Mwami, msewu wa Lundazi, wa Mfuwe, imeneyi ndi misewu ikuluikulu ya RDA, bungwe la boma loona za misewu, CDF siingaikwanitse ndipo si ntchito yake. Ya CDF ndi timisewu tolowa m'midzi ndi m'makomboni, ngalande, powolokera, shedi yodikirirapo basi.

Pulojekiti yotere simulemba ngati gulu la bizinesi. Imayambira pa msonkhano wa m'dera, anthu kugwirizana kuti vuto lathu loyamba ndi ili, kenako kupita ku WDC, komiti ya chitukuko ya wadi. Amene sabwera ku misonkhanoyi ndi amene amadzadandaula kwambiri pa wailesi.

Nanga olumala, okalamba ndi odwala, pali chawo?

Lamulo la anthu olumala la 2012 limanena kuti malo ndi ntchito za anthu onse, kuphatikizapo mayendedwe, zikhale zoti olumala azitha kuzigwiritsa ntchito, ndipo bungwe la ZAPD ndi limene limayang'anira nkhani zawo. Koma tayang'anani mmene zilili, munthu wa pa wilitcheya kuti akwere minibasi mpaka anthu amunyamule, mpando wake nthawi zina aulipiritse ngati katundu, pa honda ndiye sangakwere n'komwe. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene gulu lanzeru lingapambane, chifukwa komiti imalandira mapempho ofanana mulu, nkhuku nkhuku nkhuku, ndiye likabwera pempho la njinga ya mawilo atatu yokhala ndi potsetsereka pokwezera wilitcheya, yonyamula odwala ndi agogo kuchokera ku Mchini kapena Nabvutika kupita ku Chipata Central Hospital pa mtengo wodziwika, limaoneka. Kumidzi kuli njinga zija zokoka kabedi ka wodwala, zotchedwa Zambulance, zosafuna mafuta, gulu la m'mudzi lingathe kuzisamala. Magulu a olumala eni ake nawonso ali ndi ufulu wopempha giranti, safunika kudikira wina awalankhulire. Ndipo khonsolo ikamamanga shedi, kalasi kapena kachipatala, kumbutsani za rampu, potsetsereka pokwerera wilitcheya, pulani isanavomerezedwe, simenti ikauma palibe adzagumule masitepe.

Tikonzekere mapepala ati?

Satifiketi ya gulu, kaya yochokera ku ofesi ya makopaletivu, ku PACRA (kolembetsera makampani) kapena kwa Registrar of Societies. Ma NRC obiriwira a mamembala, malamulo a gulu, akaunti ya kubanki ya gulu, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku ZRA, kalata yotsimikiza kuti ndinu a m'deralo, ndi pempho lolembedwa lokhala ndi bajeti. Pa bajeti tengani makotesheni enieni kumashopu, musalembe mitengo ya m'mutu. Lembaninso za mafuta, sevisi ndi matayala, ambiri amaiwala zimenezi ngati njinga idzadya mphepo.

Fomu amagula zingati, ndipo imapita kwa ndani?

Fomu ndi yaulere. Imapezeka ku khonsolo, ku ofesi ya a MP ndi kwa a WDC nthawi imene alengeza, mvetserani Breeze FM kapena Radio Maria ndi kuyang'ana pa bolodi ya khonsolo. Mukadzaza mumapereka ku WDC, iwo amatumiza ku komiti ya CDF ya constituency, akatswiri a khonsolo amaunika, kenako imapita kukavomerezedwa. Zimatenga miyezi, nthawi zina ndalama zimachedwa kuchoka ku Lusaka. Wina akakuuzani kuti mupatseni kenakake kuti dzina lanu lidutse, kapena kuti muonetse khadi la chipani, dziwani kuti malangizo sanena zimenezo, ndipo mukhoza kukanena ku khonsolo kapena ku Anti-Corruption Commission.

Tikalandira, tingayambe kunyamula anthu tsiku lomwelo?

Ayi, CDF siichotsa malamulo a RTSA, bungwe loona za malaisensi ndi chitetezo cha pamsewu. Njinga yamoto kapena galimoto ilembetsedwe, ikhale ndi inshuwalansi, msonkho wa msewu ndi fitinesi, woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera, ndipo galimoto yonyamula anthu olipira imafuna mapepala a PSV, oiloleza kugwira ntchito imeneyo. Chipewa ndi cha onse awiri, woyendetsa ndi wokwera. Ndalama za zonsezi ziikeni mu bajeti kuyambira pachiyambi. Achinyamata amene akufuna kuphunzira umakaniko afunsenso za basare ya ntchito zamanja, imalipira m'masukulu olembetsedwa ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro amenewa, monga Chipata Trades.

Giranti sabweza, ndiye tikagawana ndalama pali mlandu?

Ulipo. Kusabweza sikutanthauza kusawerengera. Mumasayina pangano loti ndalama igwira ntchito imene munalemba, a khonsolo amabwera kudzaona, ndipo CDF ndi ndalama za boma zimene Auditor General amazifufuza. Sungani malisiti onse, jambulani zimene mwagula, njinga ilembedwe m'dzina la gulu osati la tcheyamani, ndipo mukafuna kusintha pulani lemberani khonsolo kalata musanagwire ndalamayo.