Ligi yamphamvu siyidziwika ndi kuchuluka kwa matimu ake

Mwezi wa Malichi ukafika, matimu oposa 60 a basketball a m'mayunivesite a ku America amalowa mu mpikisano wachipulula wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite. Ukagonja kamodzi, walongedza. Mayunivesitewa amasewera kuyambira Novembala m'maligi awoawo monga SEC, Big Ten, ACC ndi Big East, ndipo timu yomwe yatenga chikho cha ligi yake imalowa mosafunsa. Malo otsala, oposa 30, amagawidwa ndi komiti, ndipo ambiri amagwera maligi akuluakulu.

Mayina akangolengezedwa, ochemerera amayamba kuwerenga kuti ligi yawo yalowetsa matimu angati. Ine nambala imeneyo sindiikhulupirira kwambiri. Imangosonyeza momwe komiti yaonera masewero a miyezi inayi yapitayo.

Taonani chaka cha 2021. Big Ten inalowetsa matimu 9, anthu n'kumati palibe ligi yoiposa. Patatha ndime ziwiri zokha, inatsala Michigan yokha. Pac-12, yomwe ambiri ankaiderera, inabwera ndi matimu 5, koma anayi anafika m'gulu la matimu 16 otsiriza, ndipo UCLA inakafika mu semifainolo. Mu 2024 Big East inapatsidwa malo atatu okha. UConn, Marquette ndi Creighton onse anadutsa ndime ziwiri zoyamba, UConn n'kunyamula chikho.

Sikuti kuchuluka kumanama nthawi zonse. Mu 2025 SEC inalowetsa matimu 14 mwa 16 ake, kuposa 11 omwe Big East inalowetsa mu 2011. Asanu ndi awiri anafika m'gulu la 16, ndipo Florida inagonjetsa Houston 65-63 mu fainolo. Apo SEC inali yamphamvudi. Ndiye ngati mukufuna kuyeza ligi, dikirani sabata yoyamba ithe, muwerenge otsala, muonenso ngati agonjetsa matimu omwe komiti inawaika pamwamba pawo. Chikho pachokha chimayeza timu imodzi. Big Ten sinatenge chikho kuyambira 2001 mpaka 2025, chonsecho matimu ake anafika mu fainolo kangapo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ndalama. Pa masewero omwe timu yasewera mu mpikisanowu, NCAA imapereka gawo la ndalama ku ligi ya timuyo, ndipo gawo lililonse limalipidwa kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Lonse pamodzi limakwana pafupifupi madola 2 miliyoni. Ligi yolowetsa matimu 10 imakolola kale ngakhale theka lawo atuluke tsiku loyamba. Ligi yaing'ono imadalira timu imodzi. Pamene UMBC, yunivesite ya ku Maryland ya mu ligi yaing'ono, inadabwitsa dziko pogonjetsa Virginia mu 2018, masewero amodzi owonjezerawo anabweretsa ndalama ku ligi yonse ya America East, yomwe kawirikawiri imapeza malo amodzi okha chaka chilichonse.