Chifukwa chake mawu a mfumu sakwanira pa kafukufuku

Mkangano umene udabuka m'mudzi wina cha ku Linthipe sunazizirebe. Kudafika a kafukufuku ochokera ku yunivesite kudzatenga magazi a ana. A mfumu adawalandira, koma amayi angapo adakana kudinda chala pa fomu yovomereza. Ena akuti amayiwo anyoza mpando, ena akuti ndi mantha a anamapopa aja adavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Alendowo sadaumirize aliyense, ndipo sikudali kungochita ulemu ayi: malamulo awo sawalola.

Ambiri pofotokoza gwero la malamulowa amatchula Nuremberg, mzinda wa ku Germany, kumene madokotala a boma la Nazi, amene ankachita kafukufuku pa akaidi mowakakamiza, adaweruzidwa mu 1947. Nzoona, mfundo yoti munthu azivomera yekha idalembedwa kumeneko, nkubwerezedwa ku Helsinki, ku Finland, mu 1964. Koma ine ndimaona kuti zinthu zidatembenukira ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, poti nkhanza za kumeneko zidapitirira mapepala awiriwo alipo kale.

Mu 1932 a zaumoyo a boma adalemba amuna achikuda 600, ambiri mwa iwo alimi osauka, ndipo 399 anali ndi chindoko. Sadawauze dzina la nthendayo, ankangoti ali ndi magazi oipa. Ankawanyamula pa galimoto ulere, kuwapatsa chakudya, nkuwalonjeza ndalama za maliro, bola achibale alole kuti mtembo udzang'ambidwe. Penisilini atadziwika m'ma 1940 kuti amachiza chindoko, amunawa adamanidwa dala, kuti madokotala aone mmene nthendayo imamalizira munthu. Akazi awo ena adatengera, ana ena adabadwa nayo. Zidatha mu 1972, Peter Buxtun, amene adagwirapo ntchito m'nthambi yomweyo, ataulula kwa atolankhani. Mu 1974 America idakhazikitsa lamulo loti kafukufuku wokhudza anthu aziyamba waunikidwa ndi komiti.

Kwathu kuno ntchitoyi ili m'manja mwa makomiti monga COMREC, yomwe idayamba mu 1996 ku College of Medicine ku Blantyre, ndi NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo. Amafuna fomu yolembedwa m'chilankhulo chimene munthuyo amamva, mboni ngati sadziwa kuwerenga, ndi chitsimikizo choti wokana adzathandizidwabe kuchipatala monga kale. Amayang'ananso kuti ndalama ya thiransipoti isakule mpaka kusanduka nyambo. Chilolezo cha mfumu chimangotsegula njira yolowera m'mudzi. Za mwana amavomera ndi kholo.

Chimene chimandidetsa nkhawa nchakuti komiti imawerenga mapepala ili mu ofesi mumzinda. Siimuona mayi atakhala pa mphasa, mwana kumsana, a mfumu ali pomwepo, akufunsidwa ngati avomera. Kunena kuti "ayi" pamalo otere kumafuna mtima. Pa fomu pamakhala nambala ya foni ya komiti yoti wodandaula aimbe, koma ofufuza akamaiwerenga mokweza pagulu, mzere umenewo ngosavuta kuulumpha.