Mchere umene sitiuona m'mbale ya ndiwo

Ndikamayeza anthu kuchipatala kuno ku Mangochi, sipatha tsiku osakumana ndi munthu amene magazi ake akuthamanga kupitirira 140/90, mlingo umene achipatala timayambira kunena kuti munthu ali ndi BP. Ndikafunsa za kadyedwe, ambiri amayankha mwamsanga kuti, "Adokotala, ine mchere sindithira wambiri." Sikuti amanama ayi. Iwo amawerenga wokhawo umene anautsina ndi zala, kuiwala umene unafika pakhomo uli kale m'chakudya.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, ndipo mlingowu ukuphatikiza zonse zimene wadya kuyambira m'mawa kufikira usiku. Mchere uli ndi sodiamu, yemwe amachititsa thupi kusunga madzi. Madziwo akachuluka m'magazi, mitsempha imapanikizika, mtima umapopa movutikira, ndipo pakapita zaka minofu yake imakhuthala n'kuyamba kufooka. Mitsempha ya mu ubongo ndi ya mu impso nayo imaonongeka mwakachetechete, n'chifukwa chake ena amazindikira vutoli tsiku limene afa ziwalo mbali imodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene anzathu a kumtunda amausirira. Usipa, utaka, mcheni ndi chambo zili ndi mafuta a mtundu wa omega-3 amene amathandiza mtima, ndipo nsomba zing'onozing'ono zodyera limodzi ndi minga zimapatsanso kashiamu. Chondidandaulitsa ndi mmene timazisamalira. Nsomba zina zimathiridwa mchere poyanika kuti zisaole, kenaka pophika mayi amathiranso wina, n'kuonjezera kachidutswa ka zokometsera za m'sitolo, zomwe mbali yake yaikulu ndi mchere womwewo. Ikafika mbale pamphasa, bambo amawazanso asanalawe n'komwe. Palinso soda wogula amene timafewetsera therere ndi masamba: anthu samutcha mchere, koma nayenso ali ndi sodiamu, ndipo amaononga mavitamini ena m'ndiwo.

Mafuta ophikira ali ndi mlandu wawo. Aja a pachiwaya, amene akazingira tchipisi, kanyenya ndi mandasi kwa masiku angapo mpaka kuda, amasintha akatenthedwa mobwerezabwereza ndipo amatulutsa zinthu zoononga mkati mwa mitsempha. Sindikunena kuti munthu asadzalawenso tchipisi, koma zisakhale nkhomaliro ya tsiku ndi tsiku. Nsinjiro, kumbali ina, zili ndi mafuta abwino, moti nkhwani wotendera kapena futali wa mbatata ndi chakudya chimene mtima umachilandira bwino kusiyana ndi zokazinga.

Pa zakumwa, botolo la mamililita 300 la chakumwa chozizira cha shuga limakhala ndi timasupuni pafupifupi tisanu ndi titatu ta shuga, ndipo tiyi wathu wam'mawa, thobwa ndi madzi a malambe nazo timazitsekemeretsa mopitirira. Shuga wochuluka amanenepetsa ndi kuyandikizitsa matenda a shuga, omwe amaononga mitsempha ya mtima. Mowa, kaya ndi kachasu kapena wa m'botolo, umakweza BP ndithu.

Zothandiza zili pamsika pomwepa. Nthochi, nyemba, nandolo, mbatata ndi bonongwe zili ndi potaziyamu, amene amathandiza impso kutulutsa sodiamu mu mkodzo, ngakhale odwala impso ayenera kufunsa kaye achipatala asanachulukitse zimenezi. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga sanachotsedwe. Nsomba zouma zamchere muzinyika m'madzi kwa kanthawi, madziwo n'kutaya, ndipo muzilawa musanathire wina. Tomato, anyezi, adyo ndi mandimu zimakometsa ndiwo popanda sodiamu wambiri. Masiku oyamba a pabanja adzadandaula kuti ndiwo sizikukoma, koma lilime limazolowera pakapita masabata ochepa. Amene muli kale pa mankhwala a BP musawasiye chifukwa choti mwachepetsa mchere. Bwerani tikuyezeninso, ndipo ngati mlingo wa mankhwala uyenera kusintha, tikausinthira komweko.