Mafumu a ku Amber ankamwalirira kutali ndi kwawo

Ndikafika m'kalasi pa mutu wa ufumu wa a Mughal, mafumu achisilamu amene ankalamulira mbali yaikulu ya India, ndimayala mapu a India patebulo n'kupatsa ophunzira mayina a mafumu a banja limodzi, banja la a Kachhwaha a ku Amber. Ntchito yawo imakhala yopeza malo amene mfumu iliyonse inatsirizikira. Bhagwant Das anamwalira ku Lahore mu 1589. Man Singh anamwalira ku Ellichpur, kumwera m'dera la Deccan, mu 1614. Jai Singh woyamba anafera ku Burhanpur mu 1667, Ram Singh ku Kohat, m'mapiri a kufupi ndi Afghanistan, mu 1688. Zala za ophunzira zimayendayenda kumpoto ndi kumwera, koma ku Amber, kamzinda ka m'mapiri a ku Rajasthan kamene kali makilomita 11 kuchokera pamene pali Jaipur lero, sizifikako. Zikatero wina amafunsa ndithu: "Aphunzitsi, anali mafumu otani amenewa osakhala pakhomo?"

Kuti funsoli liyankhike bwino, tiyambe ndi amene a Rajput anali, popeza a Kachhwaha anali a gulu limeneli. Awa ndi mabanja a ankhondo achihindu amene ankalamulira madera ambiri kumpoto chakumadzulo kwa India, ndipo dzinali limachokera ku mawu otanthauza mwana wa mfumu. Analibe mfumu imodzi yowalamulira onse. Kunali a Sisodia ku Mewar, a Rathore ku Marwar, a Kachhwaha ku Amber ndi ena ambiri, ndipo nthawi zambiri ankamenyana okhaokha. Pakati pa onsewa, Amber anali ufumu waung'ono, wopanikizika pakati pa anansi amphamvu.

Chimene chinakankhira banjali m'manja mwa a Mughal chinali mkangano wa ufumu wa m'nyumba momwemo. Raja Bharmal anali pampando, koma mwana wa m'bale wake, Suja, ankati mpandowo ndi wake, ndipo anapeza womuthandiza: Mirza Sharifuddin, nduna ya a Mughal ya m'chigawocho. Ndunayi inapanikiza Amber mpaka kutenga achibale a Bharmal, kuphatikizapo mwana wake Jagannath, kuti akhale chikole. Bharmal anaona kuti mlandu wake ungathe pokhapokha atalumpha ndunayo n'kukafika kwa mwini wake. Kumayambiriro kwa 1562, Akbar, mfumu ya a Mughal amene anali mnyamata wa zaka 19, ali pa ulendo wopita kumanda a woyera mtima wachisilamu Moinuddin Chishti ku Ajmer, Bharmal anakakumana naye panjira. Anagonjera, ndipo anapereka mwana wake wamkazi kuti akwatiwe ndi Akbar. Ukwatiwo unachitikira ku Sambhar. Mayi ameneyu, amene m'mabuku a boma amatchulidwa ndi dzina laulemu lakuti Mariam-uz-Zamani, ndiye anabereka Salim mu 1569, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu Jahangir.

Mafumu ogonja ankapereka ana awo aakazi kwa owagonjetsa kuyambira kalekale, choncho ukwati pawokha sunali chachilendo. Chatsopano chinali chimene Akbar anachita ndi amuna a banjalo. Anatenga Bhagwant Das, mwana wa Bharmal, ndi Man Singh, mdzukulu wa Bharmal amene anali akadali mnyamata, n'kuwalowetsa m'gulu la nduna zake popanda kuwauza kuti asiye chipembedzo chawo. Mu 1563 anathetsa msonkho wa anthu opita kumalo opatulika achihindu, ndipo mu 1564 anathetsa jizya, msonkho umene anthu osakhala Asilamu ankakhoma.

Apa mpofunika kumvetsa mmene utumikiwo unkayendera, chifukwa yankho la funso la wophunzira uja lili pomwepa. Nduna iliyonse ya a Mughal inkapatsidwa udindo wotchedwa mansab, wolembedwa ndi nambala: wa 500, wa 1000, wa 5000. Nambalayo inkasonyeza ulemu wake, malipiro ake, ndi kuchuluka kwa asilikali a pa akavalo amene ankayenera kusunga. Akavalowo ankawadinda chizindikiro cha boma ndi chitsulo chamoto, kuti munthu asabwereke akavalo a mnzake pa tsiku lowerenga. M'malo mwa ndalama, nduna zambiri zinkapatsidwa jagir, kutanthauza chilolezo chotolera msonkho m'dera linalake, ndipo derali linkasinthidwa pakapita zaka zingapo kuti munthu asamere mizu. Mafumu a chi Rajput anali ndi mwayi umene nduna zina zinalibe: dziko la makolo awo linkawerengedwa ngati watan, gawo la malipiro losasinthidwa, lopita kwa ana. Amber anakhalabe wa a Kachhwaha. Koma msonkho wa Amber unali wochepa poyerekeza ndi udindo wawo, motero chuma chenicheni chinkachokera ku ma jagir a kutali, ndipo kuti munthu awapeze ankayenera kupita kulikonse kumene watumidwa.

Man Singh ndiye anaonetsa kutalika kwa njira imeneyi. Mu June 1576 anatsogolera ankhondo a Akbar pa Haldighati polimbana ndi Maharana Pratap wa ku Mewar, m'Rajput mnzake amene anakana kugonja. Nkhondo imeneyi anthu ambiri lero amaikamba ngati ya Ahindu ndi Asilamu, koma amene anali pabwalolo sanagawanike motero. Mtsogoleri wa gulu la a Mughal anali Mhindu, pamene kutsogolo kwa gulu la Pratap kunali Msilamu wa chi Afghan, Hakim Khan Sur. Man Singh anapambana, Pratap anathawira m'mapiri, ndipo Akbar anakwiya kuti Man Singh sanamulondole kapena kusakaza dziko lake, mpaka anamuletsa kwa kanthawi kuonekera kubwalo. Ineyo ndimaona m'nkhani imeneyi munthu amene akutumikira mokhulupirika koma akudziwa malire amene sangadutse pa anthu a mtundu wake.

Kuchoka apo analamulira Kabul, kenaka Bihar, anagonjetsa Orissa mu 1592, n'kukhala bwanamkubwa wa Bengal kuyambira 1594. Mu 1605 anafika pa mansab ya 7000, imene anthu osakhala ana a mfumu ankaifika mwa apo ndi apo. Chuma chimene anapeza kum'mawa chinamanga kachisi wamkulu wa miyala yofiira wa Govind Dev ku Vrindavan mu 1590, komanso mbali yakale ya nyumba yachifumu ya ku Amber. Fano la Shila Devi limene anthu amapembedza mpaka lero mkati mwa linga la Amber linachokera ku Bengal m'nthawi yake. Amene amati mafumuwa anagulitsa chipembedzo chawo ayenera kaye kuyang'ana makachisi amenewa.

Komabe panali mtengo umene banjali linalipira, ndipo sindifuna kuuchepetsa. Mphamvu yolonga mfumu inachoka m'manja mwa akuluakulu a banja. Mfumu ya ku Amber ikamwalira, wolowa m'malo ankatsimikizidwa ndi mfumu ya a Mughal pomupatsa tika, kadontho kopakidwa pamphumi. Man Singh atamwalira, mwambo unkaloza Maha Singh, mwana wa Jagat Singh, amene anali mwana wamkulu wa Man Singh koma anatsogola kale mu 1599. Jahangir analambalala mwambowo n'kusankha Bhau Singh, mwana wina wa Man Singh. Tisaiwale kuti mu 1605 Man Singh anafuna kuti mpando wa Akbar upite kwa Khusrau, mwana wa Jahangir amene mayi wake Man Bai anali wa banja la a Kachhwaha, ndipo Jahangir sanaiwale zimenezo. Man Bai yemweyo, atathedwa nzeru ndi udani wa mwamuna wake ndi mwana wake, anadzipha. Mabuku a mbiri amachulukitsa za amuna amene anakwera maudindo, koma akazi a banjali ndiwo ankakhala mkati mwenimweni mwa mikanganoyi.

Bhau Singh anafa ndi mowa mu 1621, ndipo mpando unabwerera ku mzere wa Jagat Singh kudzera mwa Jai Singh, mwana wa zaka 10. Ameneyu anatumikira mafumu atatu, Jahangir, Shah Jahan ndi Aurangzeb, ndipo amadziwika ndi dzina laulemu lakuti Mirza Raja. Alendo amene amajambulitsa pa Taj Mahal ambiri sadziwa kuti malo amene nyumbayo inamangidwapo m'mbali mwa mtsinje wa Yamuna anali a banja limeneli. Shah Jahan anapatsa Jai Singh nyumba zinayi mu Agra posinthanitsa.

Ntchito yake yaikulu inadza atakalamba. Mu 1665 anazinga Purandar, linga la Shivaji, mtsogoleri wa a Maratha amene ankalimbana ndi a Mughal ku Deccan, ndipo Shivaji anavomera kupereka malinga 23. Jai Singh ankafuna kuti Shivaji alowe m'njira imene makolo ake iye mwini analowa zaka 100 m'mbuyomo, choncho anamunyengerera kuti apite ku Agra, atamulonjeza chitetezo, ndipo anamuika m'manja mwa mwana wake Ram Singh. Koma Aurangzeb sanali Akbar. Pabwalo, mu 1666, Shivaji anaimikidwa pamzere wa nduna zimene ankaziona kuti n'zochepa kwa iye, anakwiya poyera n'kutuluka, ndipo anatsekeredwa m'nyumba. Ram Singh anapezeka pakati pa lamulo la mfumu ndi lonjezo la atate ake. Shivaji atathawa mu August chaka chomwecho, mkwiyo unagwera Ram Singh, amene anatsitsidwa udindo. Jai Singh, nkhondo yake ya ku Bijapur italephereka, anaitanidwa kuti abwerere, n'kumwalira panjira ku Burhanpur. Ram Singh anatumizidwa ku Assam, dziko la mitsinje ndi malungo, kumene asilikali ake a pa akavalo anagonja kwa a Ahom, eni dzikolo, pa nkhondo ya m'maboti ya Saraighat mu 1671.

Mu 1679 Aurangzeb anabwezeretsa jizya, ndipo chaka chomwecho kulowerera kwake pa ufumu wa Marwar kunabutsa nkhondo ndi a Rathore. A Kachhwaha sanapanduke. Bishan Singh, mdzukulu wa Ram Singh, nayenso anamwalira ali pantchito m'chigawo cha Kabul mu 1699, n'kusiya mpando kwa mwana wa zaka 11, Jai Singh wachiwiri, wodziwika kuti Sawai, mawu otanthauza chinthu chathunthu ndi kota pamwamba pake.

Ameneyu anaona poipira pa dongosolo lonse. Aurangzeb atamwalira mu 1707, iye anaima kumbali ya mwana amene anagonja, ndipo wopambana, Bahadur Shah, analanda Amber yemwe, watan uja amene ankaoneka ngati sangakhudzidwe. Jai Singh anagwirizana ndi Mewar ndi Marwar n'kulanditsa mzindawo mu 1708. Anapitiriza kutumikira, anakhala bwanamkubwa wa Malwa katatu, koma tsopano ufumu wa a Mughal ku Delhi unali ukufooka, ndipo madera amene ankawatolera msonkho m'dzina la mfumu pafupi ndi kwawo ankawaphatikiza pang'onopang'ono ku dziko lake. Mu 1727 anatsika m'mapiri a Amber n'kuyamba kumanga Jaipur pachigwa, mzinda wa misewu yotakata yowongoka, mothandizidwa ndi katswiri Vidyadhar Bhattacharya. Anamanganso malo oyezera nyenyezi ndi zipangizo zazikulu za miyala ku Delhi, Jaipur, Ujjain, Varanasi ndi Mathura. Anamwalira mu 1743, patatha zaka zinayi Nadir Shah wa ku Persia atafunkha Delhi. Imfa inamupeza mu Jaipur momwemo, ndipo mtembo wake unawotchedwa ku Gaitor, m'tsinde mwa mapiri a kwawo. Pamapu paja, iyeyu ndiye woyamba pa mndandanda wonse amene ophunzira amamupeza pakhomo.