Ulendo wapansi wa ku Santiago: yambani ndi mapazi

Mwezi watha amayi ena a kutchalitchi kwathu anandipeza kuchipinda cha mafizo atanyamula jumbo. Atakhala pansi anatulutsamo nsapato zachikopa, zatsopano, zolimba gwa. "Adokotala," anatero, "mwana wanga wa ku Ulaya uja akufuna tikayende limodzi ulendo wa ku Santiago. Nsapato wanditumizira ndi izi, ndazisunga bwinobwino kuti zisathe." Ndinawauza kuti akapitiriza kuzisunga, nsapatozo ndi zimene zikawabweze panjira.

Santiago de Compostela ndi mzinda wa kumpoto chakumadzulo kwa Spain, kumene akhristu amakhulupirira kuti kuli manda a mtumwi Yakobo. Njira zopitira kumeneko ndi zingapo, koma yotchuka ndi Camino Francés, yoyambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 780, ndipo ambiri amaitsiriza m'masiku 30 mpaka 35. Tingoti kuyenda wapansi kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre maulendo oposa khumi. Amene alibe mwezi wathunthu amayambira ku Sarria, tauni ya panjira yomweyi imene ili makilomita oposa 100 pang'ono kuchokera ku Santiago, chifukwa kuti akupatseni chikalata chotchedwa Compostela muyenera kuyenda makilomita osachepera 100, mukudinditsa zidindo ziwiri patsiku m'kabuku ka apaulendo kamene amati credencial. Kusochera n'kovuta: mivi yachikasu ndi zithunzi za chigoba cha nkhono zili pamiyala ndi pamakoma njira yonse.

Ife Amalawi timadzidalira pa nkhani yoyenda, ndipo sitinama. Aliyense amene anaonapo amayi akutsika phiri la Zomba ndi mtolo wa nkhuni pamutu sangatsutse. Koma kuyenda tsiku limodzi n'kupuma mawa lake ndi kwina, kuyenda makilomita 20 kapena 25 lero, mawa, mkuja, mpaka sabata zinayi, phazi lili m'nsapato, ndi kwinanso. Thupi silipeza mpata wodzikonza. Pa ntchito yangayi ndaona kuti wolephera ulendo wautali kawirikawiri mpweya amakhala nawo, miyendo ili ndi mphamvu, koma kathuza kamodzi pachidendene kamusandutsa wotsimphina, kutsimphinako n'kupweteketsa bondo, bondo n'kukokera chiuno.

Thuza limabwera phazi likamakhuzana ndi nsapato pamalo amodzimodzi, makamaka pakakhala thukuta ndi kutentha. Khungu lapamwamba limasiyana ndi lapansi, madzi n'kudzaza pakati. Lisanatuluke limachenjeza: mumamva kamalo kakutentha ngati mwaponda phulusa lamoto. Imani pomwepo, ngakhale anzanu akusiyeni. Vulani, pukutani phazi, matanipo pulasitala. Mphindi zisanu zimenezi ndi zimene anthu amaumira nazo, n'kudzalipira ndi sabata yonse.

Likatuluka kale, laling'ono lisiyeni, ingoliphimbani. Lalikulu lopweteka mungaliboole m'mbali ndi singano yoyera bwino, mufinye madzi, koma chikhungu chapamwambacho musachisende chifukwa ndicho chivindikiro cha bala. Panjirapo mudzakumana ndi akuti alowetsemo ulusi ugone momwemo usiku wonse. Akanizeni mwaulemu, ulusiwo ndi mlatho wa tizilombo. Pakafiira mozungulira, pakatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Odwala shuga, inu musaboole chilichonse, ndipo madzulo aliwonse yang'anani mapazi ndi maso, mpaka pakati pa zala, poti phazi lanu lingavulale inu osamva.

Nsapato gulani masana, mapazi atafufuma, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa chala chamanthu cha kudzanja. Za kaunjika zilibe vuto malinga pansi pake pasakhale pothera mbali imodzi. Masokosi athonje amasunga thukuta. Funani aubweya kapena amasewero ouma msanga, mapeyala atatu, kuti muzisintha masana. Wengani zikhadabo, chifukwa potsetsereka zimagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka kuda n'kuzuka.

Mwayi wathu a ku Zomba ndi woti bwalo lokonzekera tili nalo pakhomo. Tsiku loyamba la Camino Francés, kuchoka ku Saint-Jean kukafika ku Roncesvalles, ndi makilomita pafupifupi 25 odutsa m'mapiri a Pyrenees, ndipo chikweza chake chimaposa mamita 1,200. Kukwera kamodzi kuchoka m'tauni kufika Ku Chawe sikufikapo. Choncho yambani miyezi itatu isanakwane nthawi: sabata zoyamba muziyenda ola limodzi pamalo athyathyathya, kenaka muzikwera phiri kudzera ku Potato Path, mukazungulire damu la Mulunguzi, mutsike wapansi. Kutsikako musakuzembe pokwera njinga yamoto, ndiye kumene kumaphunzitsa maondo. Mwezi womaliza yendani masiku awiri kapena atatu otsatizana, mutavala nsapato zomwezo, masokosi omwewo, chikwama chili kumsana ndi katundu wake yense. Tsiku lachitatu ndi limene lidzakuuzeni zoona.

Chikwamacho chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwanu. Munthu wa makilogalamu 65 anyamule osapitirira 6 ndi theka, madzi ali momwemo. Ndikuudziwa mtima wa Mmalawi, kathumba ka ufa sikafuna kutsala, koma pofika tsiku lachinayi mudzakhala mukufunafuna woti mumupatse. Zovala ziwiri zosinthira zakwana, poti m'nyumba zogona apaulendo, zimene amati albergue, aliyense amachapa madzulo.

Kutentha musakupeputse poganiza kuti ku Ulaya n'kozizira. Mu July ndi August chigwa cha pakati pa Burgos ndi León chimaotcha ngati October wa kuno, ndipo mithunzi ndi yosowa. Nyamukani kusanache. Mipopi ilipo m'midzi, koma polembedwa kuti "agua no potable" musamwe. Mkodzo ukada ngati tiyi ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Timapaketi ta Thanzi ORS n'topepuka, tengani tingapo. Ndipo musazolowere kumeza brufen m'mawa uliwonse kuti muphe ululu. Pathupi louma madzi mankhwala amenewa amavulaza impso, makamaka kwa a BP ndi a shuga.

Za mapepala mwachidule: mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo pofunsira amafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera mayuro 30,000. Mankhwala anu a tsiku ndi tsiku akhale m'mabotolo ake, okwanira ulendo wonse, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Nambala yangozi kumeneko ndi 112. Ofuna kupita mu 2027 akumbukire kuti ndi Chaka Choyera, poti 25 July, tsiku la Yakobo Woyera, idzagwa Lamulungu, ndipo malo ogona adzavuta.

Amayi aja ndinawaona Loweruka lapitali pamsewu wopita Ku Chawe, chitenje m'chiuno, nsapato zija zitafiira ndi fumbi. Anandionetsa pulasitala pachidendene chakumanzere, n'kundifunsa ngati masokosi a mpira a mdzukulu wawo angathandize. Ndinawauza kuti awayese Lachiwiri, adzandiuze.