Lamulo la miyezi itatu kwa atsikana amasewera: mafunso ndi mayankho

Pa mabwalo a mpira wamanja kuno ku Nkhotakota, atsikana ena amanong'onezana mokondwa kuti chilimbikireni masewera anasiya kupita kumwezi, ndiye zawaphwekera. Achipatala sakondwa nawo mawu amenewa, ndipo ali ndi muyeso wawo.

Kodi lamulolo likuti chiyani?

Mtsikana amene ankasamba bwinobwino akadumpha miyezi 3 yotsatizana, kapena akafika zaka 15 asanaone msambo woyamba, akaonane ndi achipatala. Sikuti akumuchotsa mu timu ayi, akungofuna kudziwa gwero.

Msambo ndi mafupa zikukumana pati?

Thupi likamagwira ntchito yoposa chakudya chimene lalandira, limayamba kudzimana. Mahomoni otchedwa estrogen amachepa, msambo n'kuima. Tsoka lake, mahomoni omwewo ndi amene amasunga mafupa kuti asafooke. Ndiye taonani nthawi yake: pofika zaka 18, mtsikana amakhala atamanga kale pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu za mafupa amene adzakalambe nawo. Zimene wataya pa msinkhu umenewu sizibwerera zonse. Mu 2014, bungwe loyendetsa masewera a Olimpiki la International Olympic Committee linatcha vutoli RED-S, kutanthauza kuperewera kwa mphamvu m'thupi la wamasewera, n'kunenanso kuti anyamata nawonso limawagwira.

Tingadziwe bwanji kuti fupa layamba kudandaula?

Msongolo kapena phazi limapweteka malo amodzi, oti mwana atha kuloza ndi chala. Akadumphira mpira n'kutera, amatsinzina. Poyamba ululu umatha akapuma, kenako umamutsata mpaka pamphasa. Umenewo ukhoza kukhala mng'alu wa fupa, ndipo kuthowa ndi madzi otentha sikuutseka.

Nanga adye chiyani, poti ndalama n'zovuta?

Choyamba adye mokwanira, basi. Mwana wadzuka m'mamawa, wapita kusukulu wapansi m'mimba mulibe kanthu, masana wathamanga pabwalo dzuwa la kunyanja kuno lili pamutu, chakudya chenicheni n'kudzachiona madzulo. Mbatata, chinangwa chophika kapena mtedza wokazinga womangira pansalu zimasintha zambiri.

Wazaka 9 mpaka 18 amafunika calcium, mchere womanga mafupa, wokwana mamiligalamu 1,300 patsiku. Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mwayi umene timaupeputsa: usipa, ukadyedwa wonse ndi mutu ndi minga zomwe. Onjezani bonongwe, soya, ndi mkaka kapena chambiko zikapezeka. Kondowole amakhutitsa, sindikukana, koma payekha samanga fupa. Mwana asamangonyowetsa mbamu mumsuzi, ndiwo zenizeni zikupita m'mbale ya akuluakulu.

Akapita kuchipatala anthu sadzati ali ndi mimba?

Mantha amenewa ndi amene amabisitsa atsikana ambiri. N'zoona, achipatala amayamba ayeza mimba, chifukwa ndi mmene amachitira ndi aliyense amene wasiya kusamba. Si kumuweruza. Ngati amabayitsa jakisoni wolera wa Depo anene, poti nayenso amaimitsa msambo ndi kuchepetsako mphamvu ya mafupa. Amayi, muperekezeni mwanayo, musayambe ndi kukalipa.

Mphunzitsi wa timu akakhala bambo, afunse bwanji?

Asafunse yekha, ndipo asafunse pagulu. Apemphe mphunzitsi wamkazi kapena amayi a Mother Group kuti azicheza ndi atsikanawo paokha. Aliyense azilemba tsiku loyamba kusamba kuchikuto kwa kope lake. Mbali ya bamboyo ndi kupereka masiku opuma, ndi kuleka kuuza ana kuti achepetse thupi kuti azithamanga.