Ayi, kudula kanyama sikufalitsa khansa

Mumsika waukulu wa Mzuzu ngakhale m'magulu a WhatsApp mumamveka kuti dokotala akangodula kanyama pa chotupa kuti akapime, khansa imakwiya n'kumwazikana thupi lonse. Ambiri amabweza phazi chifukwa cha nkhani imeneyi.

Sizoona. Kanyamako n'kakang'ono, ndipo amakaunika pa makina oonera zinthu zosaoneka ndi maso kuti adziwe ngati ndi khansa, komanso ya mtundu wanji. Popanda zimenezo dokotala sangadziwe mankhwala oyenera.

Nanga bwanji ena amamwalira atangopimidwa kumene? Apa ndiye pagona nkhani. Munthu amakhala ndi chotupa cha m'bere kwa miyezi, akuyenda kwa asing'anga, ena akumuuza kuti walodzedwa. Pofika ku Mzuzu Central Hospital matenda amakhala atalowerera kale m'chiwindi kapena m'mafupa. Kupimako kumangoulula zomwe zinalipo, koma achibale, ndi chisoni chawo, amaloza chala dokotala.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo yosavuta kuitulukira msanga. M'zipatala za boma amayi amaunikidwa mwaulere pogwiritsa ntchito viniga, zotsatira n'kuzimva tsiku lomwelo. Zizindikiro zoyambirira amaziwotcha ndi kachipangizo, chiberekero osachotsa.